Musanakweze katundu m'lole: malangizo kwa amene mukusamukira nyumba ina ya lendi

Mwezi ukamapita kumapeto, funso limakhala lomwelomwelo: "Ndapeza nyumba, ndiyambire pati?" Lero wafunsa wa ku Area 25, mawa wa ku Chilomoni, mkuja wa ku Katoto ku Mzuzu. Tayankha mpaka kukamwa kwauma, ndiye tilembe kamodzi, wofunsa tizingomutumizira. Malangizowa ndi a munthu amene akulowa nyumba ya lendi m'tauni, kaya ndi chipinda chimodzi pamdadada, kaya ndi nyumba yapayokha ya mumpanda.

Ambiri akamva zosamuka amathamangira kuganiza za lole ndi makatoni. Zimenezo n'za tsiku limodzi. Zimene zimaliza anthu miyezi ingapo atalowa ndi ngongole ya madzi imene anasiya wina, magetsi odyerana ndi nyumba ya kuseri, ndi dipoziti yosabwerera chifukwa panalibe cholembedwa. Zonsezi zimakonzeka ndalama ikadali m'thumba mwanu. Mukangolipira, mawu anu amachepa mphamvu.

1. Werengetsani zonse, osati lendi yokha

Eni nyumba ambiri m'tauni amafuna lendi ya miyezi itatu polowa. Ena amawonjezera dipoziti, imene ndi ndalama yachikole yoti mukaononga chinthu adzadulepo potuluka. Pamwamba pa izi ikanipo ya ajenti, ya lole, ya anyamata onyamula, maloko atsopano, mayunitsi oyambira, ndi makatani, chifukwa mawindo a nyumba ziwiri salingana kawirikawiri.

Kenako werengani thiransipoti. Ngati mumagwira ntchito masiku 22 pamwezi, ndiye kuti maulendo ndi 44. Nyumba ikakhala yoti mumakwera minibasi ziwiri, kapena minibasi ndi kabaza, mumalipira ka 88. Chulukitsani ndi mtengo wa lero, muphatikize ndi lendi, kenako muyerekeze ndi nyumba yodulirapo yomwe ili pafupi ndi kuntchito. Nthawi zambiri yotchipa ya kutali ija imapezeka kuti ndiyo yodula. Lendi ndi thiransipoti zikamadya theka la malipiro anu, nyumbayo si yanu. Pofika mwezi wachinayi mudzakhala mukuzemba mwini wake.

2. Dziwani amene mukumupatsa ndalama

Ajenti ndi munthu amene amakulozerani nyumba n'kulandira yake. Alipo a maofesi, alipo oyenda pansi amene ena amangowatcha madobadoba. Ambiri amafuna ndalama yoonera musananyamuke, ndipo ndalama imeneyi siibwerera ngakhale nyumbayo musaikonde. Choncho mufunseni zonse musanamupatse: zipinda zingati, madzi ali m'kati kapena panja, mita ndi yapayokha kapena ayi, m'nyumbamo muli munthu kapena anatuluka. Gwirizananinso za komishoni yake, kuti ndi zingati ndipo alipira ndani, inu kapena mwini nyumba.

Mawu a pamalonda a nyumba muziwamvetsa. "Selefu" ndi nyumba yomwe chimbudzi ndi bafa zili m'kati. "Bedisita" ndi chipinda chimodzi chomwe ndi chogona ndi pabalaza pomwe. "Boizi kota" ndi kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu, ndipo nthawi zambiri madzi ndi magetsi zimachokera ku nyumba yaikuluyo. "Mdadada" ndi zipinda zogundizana pansi pa denga limodzi, mpopi ndi chimbudzi n'zogawana.

Lendi musampatse ajenti. Musatumizenso ndalama pafoni "yogwirira nyumba" chifukwa choti mwaona zithunzi pa Facebook ndipo akukuuzani kuti anthu akuilimbirana. Kumanani ndi mwini nyumba pamaso, panyumba pomwepo. Onani chiphaso chake cha unzika, muyerekeze dzina ndi lomwe lili pa bilu ya madzi. Likasiyana si kuti ndi wakuba, koma afotokoze. Akanena kuti akuyang'anira nyumba ya mchimwene wake wa ku Joni, lankhulani ndi mchimweneyo ndipo atumize uthenga wolemba wovomereza. Nyumba ya masiye funsani kuti banja linasankha ndani wolandira lendi, apo ayi mwezi wachiwiri adzabwera wina n'kukuuzani kuti munalipira munthu wolakwika. Nyumba za Malawi Housing Corporation nazo muzisamala: wokuchititsani lendiyo akhoza kukhala kuti nayenso ndi wa lendi, ndipo zikavuta wotulutsidwa ndi amene ali m'nyumbamo.

3. Yenderani deralo nokha, popanda ajenti

Nyumba mungaikonze, dera simungalikonze. Pitaniko m'mawa nthawi yopita kuntchito, muone ngati minibasi zimapezeka kapena zimadutsa zitadzaza kale. Pitaninso kukada, makamaka Lachisanu kapena Loweruka. Malo a zii masana akhoza kukhala kuseri kwa bala, kapena pafupi ndi tchalitchi chochezera usiku ndi zimkuzamawu.

Za madzi musafunse mwini nyumba, adzati amatuluka. Funsani amayi amene mwawapeza akuchapa kapena ali pamzere pa kiyosiki: "Pepani amayi, kuno madzi amatuluka nthawi yanji?" Safunsa anadya phula. Mukaona migolo ndi zigubu pakhomo lililonse, yankho mwalipeza kale. Ku Blantyre madzi ambiri amachita kupopedwa kukwera mtunda kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, ndiye nyumba za pamtunda ndizo zimayamba kuuma mipopi. Ku Lilongwe madzi amadalira madamu a Kamuzu pa mtsinje wa Lilongwe, ndipo nyumba yomwe madzi amatuluka bwino mu Meyi ikhoza kumavutika mu Okutobala.

Ngati mukusaka nyumba m'chilimwe, yang'anani zizindikiro za dzinja. Mzere wa matope pakhoma lakunja, khonde lomwe analikweza ndi njerwa, ngalande yodzadza mchenga, msewu wokumbika pakati: zonsezo zikukuuzani kumene madzi amadutsa. Nyumba za m'mbali mwa Lingadzi ku Mtandire zinasefukirapo, ndipo aliyense akukumbukira zomwe namondwe Freddy anachita ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu Marichi 2023. Nyumba ya m'khwawa kapena pansi pa malo otsetsereka kwambiri isiyeni, ngakhale itchipe bwanji.

Pomaliza yesani netiweki ya foni yanu muli m'kati mwa nyumba, osati pabwalo.

4. M'nyumbamo muone izi

Tengani chaja ya foni, babu limodzi ndi tochi. Chaja muyesere soketi iliyonse, babu muyesere mahoda opanda mababu. Soketi yakuda m'mbali ndi yoti inapsapo. Yang'anani kumwamba: mabanga ofiirira pa siling'i ndi denga lodontha, ndipo pakakhala popanda siling'i tsekani chitseko masana muone ngati kuwala kukulowa pamalata. Penti yotupa kapena yosupuka m'munsi mwa khoma ndi chinyontho chochokera pansi, chimene chimaoletsa zovala ndi kukhosomoletsa ana. Penti yatsopano pa khoma limodzi lokha ikukubisirani kanthu.

Gogodani mafelemu a zitseko. Akamveka ngati opanda kanthu m'kati, chiswe chinadya. Unikani ndi tochi m'ming'alu ya khoma ndi m'makona a wadiropu. Timadontho takuda tothithikana ndi ndowe za nsikidzi, ndipo nsikidzi zimatha miyezi osadya zikudikira wolowa. Gwedezani zitsulo za m'mawindo, zina zimangokhala zokanikizira m'matope. Gujumulani chimbudzi kawiri, mutsegule mipopi yonse. Madzi akamachedwa kutsika kapena kuseri kukamanunkha, sepitiki thanki yadzadza, ndipo kupopetsa ndi ndalama zoti mugwirizane musanalowe. Chimbudzi chikakhala chokumba, unikanimo muone pamene chafika ndipo mufunse kuti chimagwiritsidwa ntchito ndi mabanja angati.

5. Mamita: apa ndiye pagona nkhani

Gawo ili ambiri amalidumpha chifukwa amachita manyazi kuoneka ngati akukayikira mwini nyumba. Manyazi amenewo amadula. Chitani izi iye ali pomwepo, mwaulemu, n'kumuuza kuti n'zotetezera nonse awiri.

Tiyambe ndi magetsi. Mamita ambiri a ESCOM m'tauni ndi olipiriratu: mumagula mayunitsi, mumalandira manambala 20, n'kulowetsa. Ena ali m'nyumba, ena mita ili pa pholo ndipo m'nyumba muli kabokosi kolowetsera manambala kokha. Kabokosi kameneka kakhalepo ndipo kazigwira ntchito, chifukwa otuluka ena amakanyamulira limodzi ndi katundu. Kena kamafuna mabatire magetsi akatheratu, ndiye funsani.

Choyamba, lembani nambala ya mita ndipo mugulire mayunitsi ochepa pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama imeneyi musaiwerengere. Muone dzina lomwe latuluka, ndiponso muone ngati ndalama yonse yasanduka mayunitsi. Mita ikakhala ndi ngongole yakale, gawo lina la ndalama limapita kungongoleko nthawi iliyonse mukagula, ndiye mumangodabwa kuti magetsi sakuchedwa kutha. Yerekezani ndi mnzanu amene wagula a ndalama yomweyo, koma kumbukirani kuti mayunitsi 50 oyambirira pamwezi a nyumba zokhalamo amakhala otsikirapo mtengo, choncho muyerekeze zofanana. Mayunitsi akachepa modabwitsa, pitani ndi nambala ya mita ku ofesi ya ESCOM mukafunse zinthu ziwiri: ngati pali ngongole, ndiponso ngati mitayo inalembedwa ngati ya nyumba kapena ya bizinesi. Nyumba yomwe kale inali golosale kapena saluni imatha kutsala pa mtengo wa bizinesi.

Chachiwiri, zimitsani chilichonse m'nyumbamo, zulani mapulagi onse, ndipo muyang'ane kanyale kofiira ka pamita. Kanyale kameneka kamaphethira magetsi akamagwiritsidwa ntchito, ndipo kamafulumira akamapita ambiri. Kakamaphethirabe zonse zili chizimire, pali wina amene akudya nanu: boizi kota, okala ya kumpanda, nyale za panja, kapena pampu. Tsatani waya mpaka mumupeze.

Chachitatu, chitani mosemphanitsa. Yatsani ayironi kapena ketulo, kanyale kafulumire. Kakapanda kusintha, kapena ngati mwazimitsa swichi yaikulu koma soketi ina ikugwirabe ntchito, wina analambalalitsa waya kuzemba mita. Ena amakuuzani monyadira kuti "kuno magetsi sitivutika nawo". Musalowe nyumba imeneyo. Ndi mlandu, ndipo tsiku lomwe a ESCOM adzabwere kudzadula, wogona mumdima ndinu. Mawaya otere ndi amenenso amayatsa nyumba.

Tsopano mita yogawana, imene yadanitsa anthu ambiri pamdadada. Kugawana mofanana pa khomo lililonse kumamveka kwachilungamo koma si choncho. Yuniti imodzi ndi chipangizo cha mawati 1000 chikayaka ola limodzi. Mbaula ya magetsi ya mawati 1500 ikaphika nyemba maola atatu yadya mayunitsi anayi ndi theka. Babu la LED la mawati 9, likamayaka maola asanu tsiku lililonse, mwezi wonse silifika mayunitsi awiri. Ndiye kuti mphika umodzi wa nyemba wa aneba waposa babu lanu la miyezi itatu. Giza, chotenthetsera madzi osamba, imakhala ya mawati 2000 mpaka 3000, ndipo pakakhala wowotcherera zitsulo kapena wa mafiriji ogulitsa mafilizesi ndiye musayerekeze n'komwe. Njira yabwino ndi kuikitsa mita yaing'ono yowerengera khomo lanu lokha, imene amaitcha cheki mita. Aike ndi wamagetsi wodziwa ntchito, mwini nyumba atavomera, ndipo mugwirizane ngati mtengo wake udzadulidwa pa lendi kapena mudzaichotsa potuluka. Zikakanika, khalani pansi ndi anzanuwo musanalowe, mulembe zipangizo za khomo lililonse, ndipo pakhale kope limodzi lolembamo tsiku, amene wagula, ndalama ndi mayunitsi. Musagwirizane zoti "mwezi uno agula awa, wa mawa awa", chifukwa mu Juni ndi Julayi anthu amatenthetsa madzi kwambiri kuposa mu Okutobala. Musagwirizanenso zogula mosinthana m'mwezi womwewo popanda kuwerenga mayunitsi, chifukwa wogula pa 1 amapeza otchipa aja, wogula pa 20 n'kulipira odula.

Kenako madzi. Kaya ndi Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board kapena mabungwe a m'zigawo, mamita alipo olipiriratu ndi ena a bilu ya pamwezi. Wolipiriratu muuyese ngati wa magetsi uja. Wa bilu ndi umene umabisa zambiri. Pemphani bilu yomaliza ndi lisiti yake, koma musakhutire nazo. Bilu imanena za tsiku lomwe anawerenga mita, ndipo tsikulo likhoza kukhala la masabata angapo apitawo, kapena anangoyerekeza osafika pamita. Tsegulani chivundikiro muwerenge nokha. Manambala akuda ndi amene amalipiritsa, ndipo imodzi ndi malita 1000, kutanthauza zigubu 50 za malita 20. Tiyerekeze kuti pa bilu analemba 0412 koma pamita pali 0431. Kusiyana kwa 19 kumeneko ndi malita 19,000 amene anagwiritsa ntchito ena, ndipo adzabwera pa bilu yanu yoyamba. Jambulani mitayo manambala akuoneka, mutumize chithunzicho kwa mwini nyumba pa WhatsApp nthawi yomweyo kuti tsiku lidzilembe lokha, ndipo nambalayo ilowe m'mgwirizano wa lendi (gawo 6). Ndi nambala ya akaunti pitani ku ofesi ya madzi mukafunse ngongole yonse. Mwini nyumba akanena kuti "ndidzalipira, lowani kaye", yankhani kuti mukalipira nokha ndipo mudula pa lendi, ndipo zilembedwe. Madzi akadulidwa pamakhalanso ndalama yolumikizitsira, ndipo masiku odikira mumatunga kwa aneba ndinu.

Musanachoke pamita, tsekani mipopi yonse, mudikire thanki ya chimbudzi idzadze, kenako muyang'ane kagudumu kakang'ono ka pamita kwa mphindi 15. Kakamayenda, penapake pakudontha, kapena paipi inapatukira kwina. Nthawi zambiri wolakwa ndi thanki ya chimbudzi yomwe imatsitsa madzi pang'onopang'ono usana ndi usiku. Ikani pepala lowuma kumbuyo kwa mtondo m'kati, likanyowa mwapeza. Kudontha kulikonse kwa mbali yanu ya mita amalipira ndinu, osati a madzi.

Mpopi wogawana muwerenge anthu, osati makomo. Mbeta ya yokha isalipire mofanana ndi banja la anthu asanu ndi awiri. Funsaninso ngati alipo wothirira dimba, woumba njerwa kapena wogulitsa madzi pampopi womwewo.

6. Lembani, ngakhale mwini nyumba ndi mkulu wa mpingo wanu

Mgwirizano sufuna loya. Pepala limodzi, makope awiri, mboni mbali iliyonse. Mukhale mayina ndi manambala a ziphaso, malo a nyumba, tsiku lolowa, lendi ndi tsiku lolipira, ndiponso ngati mukatha miyezi itatu yoyamba muzilipira pamwezi kapena itatu itatu. Ambiri amadzidzimuka apa. Mulembe dipoziti ndi zimene zingadulidwe, nthawi ya notisi mbali zonse ziwiri, ndi nthawi yochenjeza lendi isanakwere. Mulembe amene akonza denga, mapaipi, mawaya ndi sepitiki, zomwe mwachizolowezi ndi za mwini nyumba, pamene mababu, magalasi oswa nokha ndi makiyi otaya ndi zanu. Ngati mudzakonza chinthu n'kudula pa lendi, muziyamba mwauza iye ndipo musunge lisiti. Funsaninso malamulo a pakhomo: geti amatseka nthawi yanji, agalu ndi nkhuku n'zololedwa, mungabowole khoma kuika dishi, mango a pabwalo ndi a ndani. Musaseke, mango amayambanitsa.

Jambulani chilichonse chowonongeka: galasi losweka, matailosi ong'aluka, chitseko chopanda chogwirira. Lipirani kudzera ku banki kapena pafoni kuti pakhale umboni, ndipo mukapereka pamanja mulandire lisiti yosainidwa yonena miyezi yake. Zomwe walonjeza kukonza zikonzedwe musanalowe. Mukalowa, "mawa" wake safika.

7. Notisi ya kumene mukuchoka

Mwachizolowezi ndi mwezi wathunthu, koma onani zomwe munagwirizana. Iperekeni yolemba, ngakhale uthenga wa pafoni. Vuto ndi nthawi: mukapereka musanapeze nyumba mukhoza kusowa kolowera, mukapereka mutalipira kale kwina mulipira kuwiri. Chothandiza ndi kusaka nyumba yomwe wokhalamo nayenso ali pa notisi, kapena kupempha mwini nyumba watsopano kuti lendi iyambe pa 1 mwezi wotsatira koma makiyi akupatseni masiku awiri kapena atatu pasadakhale. Masiku amenewo ndi okolopa, kupopera mankhwala nyumba ilibe kanthu, ndi kusintha maloko. Musaganize kuti dipoziti ikhala lendi ya mwezi womaliza ngati simunagwirizane choncho.

8. Makalata

Ana a sukulu amafuna kalata yosamukira kuchokera kwa ahedi, ndipo yambani mwapeza malo ku sukulu yatsopano musanatenge kalatayo. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndiye ngati mungathe samukani pa holide. Mwana wa Sitandade 8 kapena Fomu 4 amene analembetsa kale mayeso musamusunthe mwachisawawa. Amene mumalandira mankhwala a mwezi ndi mwezi, monga ma ARV, a TB, a shuga kapena a BP, uzani achipatala akupatseni kalata yosamukira ndi mankhwala okwanira kufikira mutalembetsa kwatsopanoko. Mabuku a kuchipatala ndi a kusikelo, ziphaso, masatifiketi ndi mgwirizano uja zikhale m'chikwama chimene munyamule nokha. Zisakwere lole.

9. Kulongedza

Yambani kutatsala sabata ziwiri, ndi zinthu zomwe simugwiritsa ntchito tsiku lililonse. Makatoni pemphani kapena gulani m'magolosale, ndipo muwakutumule chifukwa amabwera ndi mphemvu. Zolemera monga mabuku zilowe m'makatoni aang'ono, zopepuka m'aakulu. Mbale zoswekera muzikulunge ndi zovala kapena nyuzi ndipo muziimike cham'mbali, osati kuzisanjikiza chogona. Lembani m'mbali mwa katoni chipinda chake ndi nambala, kuti potsitsa muwerenge. Mabawuti a bedi muwaike m'jumbo n'kumangirira pa bedi pomwepo.

Firiji muizimitse kutatsala tsiku limodzi kuti ayezi asungunuke. Iyende choimirira, ndipo mukafika mudikire maola anayi musanayatse. Ngati inagonekedwa, tsiku lathunthu, kuti mafuta a mu kompuresa abwerere m'malo mwake. Silinda ya gasi mutseke, muchotse paipi, iyende choimirira. TV iime pakati pa matiresi, isagone. Ngati kumene mukuchoka kuli nsikidzi, yanikani matiresi padzuwa, thirani madzi owira m'malumikiziro a bedi, ndipo chapani zofunda musanalongedze, apo ayi mwasamuka nazo.

Konzani chikwama chimodzi cha usiku woyamba: zofunda, neti ndi zingwe zake, tochi, machesi, mpoto, ufa pang'ono, ndiwo zosavuta, sopo, yunifolomu ya ana, ndi chigubu cha madzi.

10. Lole

Katundu wa nyumba ya zipinda ziwiri amakwana mu lole ya matani atatu ngati apakira bwino. Dalaivala abwere aone katundu, kapena mumutumizire zithunzi, ndipo mumuuze zoona za msewu. Ku Ndirande, Bangwe kapena Chinsapo kuli makomo amene galimoto siifika, ndiye onyamula amawonjezera mtengo katundu ali kale pansi. Mtengo ukhale wa ntchito yonse: maulendo angati, mafuta ndi a ndani, onyamula alipira ndani. Lipirani gawo lalikulu katundu atatsika. Kuyambira Novembala mpaka Epulo musalole lole yopanda tenti. Kumapeto kwa mwezi malole amasowa, ndiye gwirizanani kutatsala sabata, ndipo muimbenso dzulo lake.

Zolemera zilowe poyamba kutsogolo, zoswekera pomaliza. Munthu mmodzi atsale kwakale, mmodzi akwere lole, mmodzi adikire kwatsopano akuwerenga makatoni. Alipo amene amakonda kusamuka usiku kuti aneba asaone mipando yawo. Mipando adzaiona ndithu akabwera kudzabwereka machesi, pamene mumdima ndi momwe magalasi amaswekera ndi timakatoni timasowera. Yambani m'mamawa. Ngati mukudutsa pa malodibuloko kupita boma lina, nyamulani malisiti a zinthu zodula, ndipo matumba a makala musakweze, akhoza kukulandani.

11. Kupereka nyumba yakale

Musangosiya makiyi kwa mwana wa aneba. Sesani, kwirirani dzala ngati ladzadza, tsekani mabowo a misomali, pentani ngati munagwirizana choncho. Yenderani nyumbayo limodzi ndi mwini wake, mujambule mamita monga munachitira kwatsopano kuja, mupereke makiyi onse, ndipo alembe kuti walandira komanso tsiku lobweza dipoziti. Ngongole ya pa okala lipirani. Tauni ndi yaing'ono.

12. Sabata yoyamba

Maloko a zitseko zakunja musinthe tsiku loyamba, chifukwa simudziwa makiyi angati ali m'matumba a anthu. Akalewo sungani kuti mudzabwezeretse potuluka.

Aneba a mbali zonse muwapatse moni nokha, musadikire kuti abwere: "Odi kuno, ndife alendo, talowa nyumba iyi." Afunseni za zinyalala, za tsiku lomwe madzi amavuta, za njira zosayenera kudutsa usiku, ndi za achitetezo a m'dera, kuti amatolera zingati ndipo wotolera weniweni ndi ndani, popeza mlendo amalipiritsidwa kawiri. Kenako pemphani mwini nyumba kapena neba akuperekezeni kwa amfumu kapena kwa mkulu woyang'anira buloko yanu mukalembetse. Achinyamata ambiri amaona ngati n'zachikale, koma kalata yotsimikiza kumene mumakhala imachokera kumeneko, ndipo mukaferedwa kapena kuberedwa funso loyamba limakhala lakuti kodi amfumu akukudziwani. Kukagwa maliro m'deralo kaonekereni ndipo sonkhani nawo, ngakhale malemuwo simukuwadziwa. Kalata ya ku mpingo kapena kudziwitsa a ku mzikiti musachedwetse.

Masiku asanu ndi awiri oyamba yendani ndi kope. Lembani chilichonse chimene chatulukira mutalowa, monga soketi yothetheka, mpopi wosatsekeka bwino, pamene padontha mvula itagwa, ndipo mutumize zonse kwa mwini nyumba mu uthenga umodzi wokhala ndi zithunzi sabatayo isanathe. Werenganinso mamita onse awiri tsiku lachisanu ndi chiwiri, muchotsere manambala a tsiku lolowa, muchulukitse kanayi. Chimene mwapeza ndi pafupifupi chimene muzigwiritsa ntchito pamwezi, ndipo chikaposa kwambiri cha ku nyumba yakale pamene zipangizo ndi anthu ndi omwewo, bwererani ku gawo 5 mukayesenso.